Barry Alvarez, kochi yemwe anadzakhala bwana wa makochi

Ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena omwe ali pasukulu ku Madison, ku Wisconsin. Akuti amadutsa pa chiboliboli cha Barry Alvarez panja pa Camp Randall Stadium, ndiye akufunsa kuti bambowa anachita chani mpaka kuwaumbira chiboliboli akadali moyo, komanso athletics director ndi ntchito yanji.

Achimwene, choyamba mpira wake si wathu uja ayi, ndi wa ku America wonyamula m'manja, ndipo kumeneko matimu a pa yunivesite amadzaza sitediyamu ya anthu oposa 75,000.

Alvarez anafika ku yunivesite ya Wisconsin ngati kochi mu 1990 kuchokera ku yunivesite ya Notre Dame komwe anali wothandizira kochi Lou Holtz. Timu anaipeza itafa, dipatimenti ya masewero ili pa ngongole, ndipo chaka choyamba anawina gemu imodzi yokha n'kuluza 10. Anthu ambiri akanathawa pamenepo. Iye anayamba kusaka anyamata a komweko ku Wisconsin, madzimphona oti azikankha kutsogolo wina akuthamanga ndi mpira kumbuyo kwawo, basi popanda zokongoletsa. Mu January 1994 anawina Rose Bowl, gemu yaikulu ya kumapeto kwa sizoni, kenako 1999 ndi 2000 motsatizana, nthawi ya wosewera Ron Dayne yemwe anatenga Heisman Trophy, mphoto ya wosewera wopambana onse pa mpira wa mayunivesite, mu 1999.

Tsono athletics director ndi bwana wa masewero onse pa yunivesite, osati mpira wokha. Amalemba ndi kuchotsa makochi, amayang'anira bajeti, amasaka ndalama kwa anthu akufuna kwabwino, amaona za mabwalo. Alvarez anatenga mpandowu mu 2004 akadali kochi, anasiya ukochi itatha sizoni ya 2005, koma udayilekita anakhala nawo mpaka 2021.

Chomwe chimandikhudza kwambiri ine ndi ichi. Mu December 2012 kochi Bret Bielema ananyamuka mwadzidzidzi kupita ku Arkansas, timu ili pafupi kukasewera Rose Bowl, ndipo osewera eni akewo anapempha Alvarez kuti atuluke mu ofesi awatsogolere. Anavomera, ngakhale anakaluza kwa Stanford 20-14. Patatha zaka ziwiri Gary Andersen, kochi amene analowa m'malo mwa Bielema, nayenso anachoka, mdala uja anabwereranso pa benchi ali ndi zaka 68, ndipo ulendo uno anagonjetsa Auburn 34-31 mu Outback Bowl, gemu inanso ya kumapeto kwa sizoni.