Musasinthe osindikiza, vuto lili mu fayilo

Achemwali, mwati makhadi a chinkhoswe anatuluka ndi timizere toyera m'mphepete, buluu n'kusanduka pepo, ndiye mukufunsa ngati makhadi a ukwati, pulogalamu ndi banner mukasindikize kwina. Ine ndikuti khalani pomwepo. Zomwe mwafotokozazi zimachokera mu fayilo, ndipo fayilo yomweyo mukaitengera ku Limbe kaya ku Old Town, idzatulukanso momwemo. Popeza mwati mukupangira pa Canva, app ya pa intaneti yopangira makhadi ndi zithunzi, ndifotokoza za pomwepo.

Tiyambe ndi timizereto. Osindikiza sadinda khadi limodzilimodzi. Amandandalika makhadi angapo pa pepala lalikulu la SRA3, la mamilimita 320 ndi 450, n'kuunjika mapepala ambiri pansi pa mpeni wa makina odulira. Mpeniwo ukatsika umatha kuphonya ndi milimita imodzi, ngakhale woudulitsayo akhale katswiri chotani. Ngati mtundu wanu unathera pamalire penipeni a khadi, pomwe mpeni waphonyapo pamaoneka pepala loyera. Mankhwala ake ndi bleed: mtundu kapena chithunzi chakumbuyo chipitirire malire ndi mamilimita 3 mbali zonse zinayi. Khadi la A6 ndi 105 ndi 148, choncho chomwe chikupita kwa osindikiza chikhale 111 ndi 154. Pa Canva yatsani Show print bleed, kenaka kokani chakumbuyocho mpaka chidutse mzere womwe waonekawo. Potsitsa sankhani PDF Print, osati PNG kapena JPG, ndipo chongani Crop marks and bleed. Ambiri amangochonga bokosilo osakoka chithunzi, ndiye timizere timabwererabe.

Mpeni womwewo umaphonyeranso mkati. Mayina, tsiku ndi manambala a foni zikhale mamilimita 5 kuchoka m'mphepete. Ndipo ka fulemu kopyapyala kozungulira khadi, komwe makomiti a ukwati amakakonda kwambiri, ine ndikanakachotsa. Kudula kukangopendekeka pang'ono, kameneko ndi komwe kamaulula, mbali ina kukula ina kuchepa.

Za buluu nazo zili ndi chifukwa chake. Sikirini ya foni imapanga mitundu ndi kuwala, zomwe amati RGB, pomwe makina osindikizira amasakaniza tona kapena inki zinayi: cyan (buluu wopepuka), magenta (pinki wofiirira), chikasu ndi yakuda, CMYK imeneyo. Mitundu ina yowala pa foni, makamaka buluu wothwanima ndi girini woyaka, pa pepala kulibe. Makina amangosankha mtundu woyandikana nawo, ndipo buluu akachuluka magenta amathawira ku pepo. Ngati pali wina wokhala ndi CorelDRAW kapena Illustrator, mapulogalamu a kompyuta ojambulira, muuzeni kuti pa buluuyo cyan ikhale 100, magenta isapitirire 70. Pa Canva kusankha CMYK potsitsa kumafuna akaunti yolipira. Ngati mulibe musade nkhawa kwambiri, makina ambiri a digital amasintha okha RGB bwinobwino, koma muwauze osindikiza kuti fayilo ili mu RGB ndipo apange proof, ndiko kuti khadi limodzi loonera pa pepala lenilenilo. Mutenge kachidutswa ka nsalu ya operekeza, mutuluke nalo khadilo panja pa khonde, muziyandikanitse padzuwa. Magetsi a mu shopu amanamiza maso.

Golide ndiye musamuyembekezere n'komwe. Yemwe mukumuona akunyezimira pa sikirini adzatuluka wachikasu chotuwa ngati chiponde. Golide wonyezimira amafuna foil, kachitsulo kopyapyala komata pa pepala, yomwe ndi ntchito ina yokhala ndi mtengo wakewake, ndipo si shopu iliyonse imapanga. Funsani msanga komiti isanalonjeze akwati.

Zithunzi za akwati zisadutse pa WhatsApp ngati chithunzi wamba, komanso musazikoke pa Facebook, chifukwa konseko zimapanikizidwa kuti zipepuke. Pemphani wojambula atumize zoyambirirazo ngati Document kapena pa imelo. Pa zinthu zogwira m'manja pamafunika 300 dpi, ndiko kuti timadontho 300 ta chithunzi (mapikiselo) pa inchi iliyonse, pa saizi yeniyeni yosindikizirayo. Chithunzi chodzaza khadi la A6 chikhale ndi mapikiselo pafupifupi 1,300 ndi 1,800. Banner ndi nkhani ina, poti anthu amaiona ali patali, 100 mpaka 150 dpi imakwana. Chithunzi cha mapikiselo 4,000 m'litali chimafika mita imodzi chikuonekabe bwino. Wina akakuuzani kuti angolemba 300 mu Photoshop pa kachithunzi kakang'ono, dziwani kuti nambala yokha ndiyo yasintha, nkhope zidzakhalabe zambuu. Njira yachidule yodziwira ndi kutsegula PDF pa kompyuta n'kuikulitsa mpaka 300 peresenti pankhope ya mkwatibwi. Mukaona timabokosi, pa khadi tidzaonekanso. Pa banner funsaninso komwe adzapinde ndi kuboola zingwe, mawu akhale masentimita 5 kapena kuposa kuchoka m'mphepete.

Zilembo sizivuta kwambiri mukatumiza PDF, poti font, ndiko kuti mtundu wa zilembo womwe mwasankha, imalowa momwemo. Fayilo ya Word ndi yomwe imasokoneza, ikatsegulidwa pa kompyuta yopanda font yanuyo mizere imadumphadumpha. A CorelDRAW asinthe zilembo kukhala curves, ndiko kuti zojambula zosadaliranso font, podina Ctrl+Q, atasunga kaye kope ina yoti n'kukonza. Chenjerani ndi ma font opiringizika aja: ambiri alibe chilembo cha ŵ, ndiye dzina lomwe lili nacho limatuluka ndi kabokosi kapena chilembo cha mtundu wina pakati. Mawu ang'onoang'ono a pulogalamu akhale akuda pa pepala loyera, asachepere pa 9 point. Agogo adzawerenga nyimbozo m'tchalitchi momwe kuwala n'kochepa, ndipo zilembo zopyapyala zoyera pa buluu wakuda zimangomira.

Pulogalamu ikakhala yopinda pakati n'kumenya ma staple, masamba ake amayenda anayianayi: 4, 8, 12. Mukakhala ndi masamba 10, onjezani awiri, kaya zithunzi kaya mawu othokoza, apo ayi osindikiza adzasiya opanda kanthu kumapeto. Tumizani tsamba lililonse palokha motsatana, kuyambira chikuto mpaka lomaliza. Musayese kuwandandalika awiriawiri nokha, imeneyo ndi ntchito yawo ndipo ali ndi mapulogalamu a kompyuta ochitira zimenezo.

Musanasinthe chilichonse, aimbireni kaye osindikizawo muwafunse saizi yomaliza ya khadi, bleed yomwe amafuna ndi pepala lomwe lilipo. Makhadi amakhala bwino pa 300 kapena 350 gsm (muyeso wa kulemera kwa pepala), masamba amkati a pulogalamu 130 kapena 150 akwana. Proof ikatuluka, ipatseni munthu yemwe sanalembe nawo, makamaka wa kuchimuna ngati inu muli a kuchikazi, awerenge mokweza mayina a makolo, ankhoswe, tchalitchi, nthawi ndi nambala ya Airtel Money kapena Mpamba. Ngati pali QR code, aiyese ndi foni pa pepalapo. Mukangoti pitirizani, cholakwika chilichonse chomwe chinali mu proof chimakhala cha inu, ndipo kubwereza mudzalipira nokha, choncho chilolezocho chipite cholembedwa ndipo achipereke munthu mmodzi yekha wa mu komiti.