Mafayilo a AFM anandisowetsa tulo, musafulumire kuwachotsa

Achimwene, nditangoona zoti phukusi la pulogalamu yanu owunika alibweza kamba ka mafayilo a .afm (a miyezo ya zilembo za fonti) opanda laisensi, mtima wanga wangoti myuu, ndakumbukira zanga. Ndipo anzathu ena akukuuzani kuti amenewo ndi manambala chabe alibe mwini, chonde musawamvere msanga, mawu omwewo ndi amene anandipweteketsa ine.

Ndinkasamalira kalaibulale kena kopanga ma PDF, kolemba munthu wina, ine yanga inali yongokapakira kuti kalowe mu distro, mtolo wa mapulogamu ogawidwa pamodzi ngati opareting'i sisitimu imodzi. Mkati munali foda ya mafayilo 14, Helvetica anayi, Times anayi, Courier anayi, Symbol ndi ZapfDingbats. Si mafonti amenewa, mulibe chithunzi cha chilembo ngakhale chimodzi, muli miyezo yokhayokha. Mzere wake umakhala chonchi, C 65, WX 667, N A, B 14 0 654 718, kutanthauza kuti A wamkulu wa Helvetica amatenga malo 667 pa 1000, pulogalamu imawerenga zimenezo kuti idziwe pothyola mzere, basi. Owunika anangofunsa kuti mwini wake ndani, chilolezo chili kuti. Kutsegula mafayilo aja, mizere ya Copyright ndi Notice kulibe, wolemba laibulale uja anaidula yonse ati fayilo ichepe, ndipo manambala ena anawasintha osalemba paliponse kuti wasintha.

Ndinamulembera bwinobwino. Anakhala chete masabata atatu, kenako n'kuyankha mzere umodzi wokha woti miyezo ilibe copyright, n'kutseka nkhaniyo pomwepo. Zimandiwawa mpaka lero. Munthu watenga ntchito ya ena, wafufuta dzina la eni ake, wamata laisensi yake pamwamba ngati analemba yekha, ndiye ukamufunsa akukuona ngati wovuta ndiwe. Chopweteka n'choti sananame kwenikweni. Ku America kaonekedwe ka zilembo sikatetezedwa ndi copyright, mlandu wa Eltra ndi Ringer mu 1978 unatero, ndipo wa Feist mu 1991 unati mfundo wamba ngati manambala a m'buku la mafoni zilibe mwini. Koma distro siikhala ku America kokha, ma mirror, makompyuta osunga makope ake, ali dziko lonse, ku European Union kuli lamulo la 1996 loteteza nkhokwe za deta, ndipo ku America komweko mu 1998 khoti linagamula mokomera kampani ya Adobe kuti pulogalamu ya fonti ndi yotetezedwa. Owunika aja si majaji, sangakhale pansi kuweruza kuti kerning, kusintha mpata wa pakati pa zilembo ziwiri, ndi luso kapena ndi mfundo, iwo akufuna aone chilolezo cholembedwa.

Tsopano freeze, tsiku lomwe distro imasiya kulandira zosintha isanatuluke release yatsopano, inali itatsala masiku awiri. Usiku umenewo ndinaganiza zochotsa mafayilo onse 14 n'kuikamo a kampani yopanga mafonti ya URW, poti fonti yawo ya Nimbus Sans L miyezo yake imagwirizana ndi Helvetica ndipo ndi aulere. Ndinasintha mayina a mafayilowo, build inadutsa, ma test onse anadutsa, ndinatumiza cha m'ma 3 koloko m'bandakucha n'kukagona mtima uli m'malo. Kudzuka, imelo yadzaza. Ndinatsegula PDF imene munthu wina anatumiza, ndiye pepala lonse loyera, kumanzere kokha kuli timadontho takuda tondandalika kutsika m'munsi, mzere uliwonse zilembo zake zonse zaunjikana pamalo amodzi. Ndinakulitsa mpaka ndinatha kuona mchira wa g ukusuzumira pansi pa mulu uja. Manja ankanjenjemera pa kiyibodi. Vuto linali mkati mwa fayilo, pa mzere wa FontName pamalembedwa NimbusSanL-Regu, laibulale ija imafuna mawu oti Helvetica, ikapanda kuwapeza siidandaula, imangopatsa chilembo chilichonse muyezo wa 0. Ma test ankangoona ngati PDF yatuluka, osati ngati ikuwerengeka. Munthu wina analemba kuti ma invoice ake anatumizidwa kale kwa makasitomala ali choncho, analemba modekha kwambiri, ndipo kudekha kwakeko ndi kumene kunandilasa. Phukusi linachotsedwa mu release imeneyo. Ndiye mwini laibulale uja, yemwe anasowa masabata atatu, tsiku lomwelo anapezeka, kulemba poyera kuti opakira mapulogalamu amangoononga ntchito za anthu. Sanatchule n'komwe mizere imene anadula.

Patapita mwezi ndi pamene ndinadziwa kuti Adobe inapereka kale chilolezo pa mafayilo 14 amenewa. Chimabwera mu kafayilo kotchedwa MustRead.html, ndime imodzi yokha, pa mndandanda wa malaisensi wa SPDX amachitcha APAFML. Chimalola kugwiritsa ntchito, kukopera, kugawa ngakhale kusintha, bola mizere ya copyright isachotsedwe, mafayilowo asayende popanda kafayilo kachilolezoko, ukasintha kanthu ulembe poonekera, ndipo ndimeyo usaisinthe. Mwini laibulale uja anaphwanya zitatu mwa zinayi. Akanangosiya zinthu mmene anazipezera bwenzi palibe amene anavutika.

Ndiye inu chitani izi. Pezani Core 14 (mafayilo 14 a Adobe aja) yoyambirira ili ndi kafayilo kake, muyerekeze ndi diff, pulogalamu yoonetsa kusiyana kwa mafayilo, muone ngati anu anasinthidwa, muike oyambirirawo pamodzi ndi chilolezo, mulembe mu fayilo ya copyright ya phukusi lanu. Samalani, chilolezocho ndi cha 14 okhawo, mukapeza AFM ya fonti ina monga Palatino kapena Optima musaganize kuti nayo yaphimbidwa. Pa Palatino ndingakuuzenibe kuti pitani kwa URW, mafonti awo 35 anatuluka pa laisensi yaulere ya GPL mu 1996 ndipo pulogalamu ya Ghostscript yawadalira zaka zonsezi, kusintha kwake sikovuta bola musaiwale za FontName ija. Ngati nkhani ndi Arial kapena Times New Roman pali fonti ya Liberation ya kampani ya Red Hat ya 2007, yomwe kuyambira 2012 ili pa laisensi yaulere ya mafonti ya OFL. Mwini pulogalamuyo mulembereni mwaulemu, ambiri ndi anthu abwino sadziwa chabe, koma musadikire yankho lake, komanso musayambe naye za makhoti. Mukasintha chilichonse tulutsani PDF ziwiri, ina ya Courier ina ya Times, muziwerenge ndi maso anu musanatumize, ndipo freeze ikayandikira kwambiri lolani phukusi lidikire release ina.