Makalata amene munalembera malemu achimwene anu: musathamangire kukasuma

Mayi, mwandilembera kuti achimwene anu, omwe anali wansembe komanso wolemba mabuku auzimu, anamwalira osasiya wilu. Achemwali anu aakulu anatenga mabokosi a zolemba zawo n'kukapereka kulaibulale ya seminale, inu osauzidwa. M'mabokosimo muli makalata amene malemuwo ankalemberana ndi inu ndi abale anu, ena okamba za mikangano ya m'banja. Tsopano mwamva kuti munthu wina akulemba buku la moyo wawo ndipo akufuna kuikamo makalatawo. Mukufuna makalata anu abwezedwe, bukulo liletsedwe, ndipo mwati mukasuma mwezi uno.

Mapepala amene munalembapo si anunso. Kalata ikafika kwa amene mwamulembera, pepala ndi inki zimakhala zake, ndipo akamwalira zimalowa m'chuma chamasiye ngati katundu wina aliyense. Chotsala m'manja mwanu ndi umwini wa mawuwo, kutanthauza kuti wofuna kuwasindikiza ayenera kupempha inuyo. Khoti la ku England linagamula chonchi mu 1741 pamlandu wa mlakatuli Alexander Pope ndi wosindikiza mabuku Edmund Curll, ndipo maiko ambiri amene malamulo awo anachokera ku England amatsatirabe mfundoyi. Mukakapempha khoti kuti akubwezereni mapepalawo chifukwa munalemba ndinu, mwina mudzabwerako chimanjamanja.

Koma mbuna imene ndaona ikumeza milandu yambiri ili pena. Mawu a m'makalata amene analemba achimwene anu, zolemba zawo zina, ndi mabokosi onsewo, ndi chuma chamasiye. Chuma chamasiye sichilankhulidwa m'khoti ndi aliyense amene ali ndi magazi amodzi ndi malemu. Munthu akamwalira wopanda wilu, wokhala ndi mphamvu yosuma m'malo mwake ndi yekhayo amene khoti lamupatsa zikalata zoyendetsera chumacho, zomwe maloya timazitcha letters of administration. Mphamvuyo imayamba tsiku limene zikalatazo zatuluka, osati tsiku la maliro. Anthu amabwera kuofesi kwanga ali ndi pepala la zomwe anagwirizana pamsonkhano wa banja, losainidwa ndi abale onse, ena mpaka chidindo cha mtsogoleri wa mpingo. Pepala limenelo lingathandize popempha zikalata, koma lokha silikupatsani mphamvu yosuma.

Choipa kwambiri n'chakuti cholakwikachi nthawi zambiri sichikonzeka. Pamlandu wa Ingall ndi Moran mu 1944, munthu anasuma ngati woyendetsa chuma chamasiye asanalandire zikalata. Anazilandira pambuyo pake, koma khoti la apilo ku England linati mlanduwo unali wakufa kuyambira tsiku limene unalembedwa. Makhoti ena masiku ano amafewetsako mtima, ena ayi, ndipo sindingakulangizeni kuti mudalire chifundo cha jaji. Loya wa mbali ina amaona vutoli tsiku loyamba lomwe, koma sikuti adzakuchenjezani. Mumalipira, mumayendera kukhoti miyezi, kenako iye amaimirira n'kufunsa funso limodzi lokha: wodandaulayu zikalata zake zili kuti? Mlandu umathera pomwepo, ndalama zimene mbali inayo yawononga zimagwera inu, ndipo nthawi yoikika yoti musumire, yomwe pamilandu ya katundu m'maiko ambiri imakhala zaka 6, yakhala ikuwerengedwabe.

Mfundo yomweyi ingakuthandizeninso. Ngati achemwali anu anapereka mabokosiwo alibe zikalata, n'kutheka kuti anapereka chinthu chimene analibe mphamvu yopereka. Zimanditopetsa kuona akuluakulu a malaibulale, anthu ophunzira bwino, akulandira mabokosi kwa aliyense wafika ndi galimoto osafunsa n'komwe kuti wasainayo ndi ndani pamaso pa lamulo. Achemwali anunso akanatha kukuimbirani foni.

Pali chinthu chimene simunatchule: malemuwo anali wansembe wa dayosizi kapena wa chipani cha mu mpingo chochita malumbiro a umphawi? Malamulo a Mpingo wa Katolika a 1983, pa nambala 668, amati zimene munthu wa chipani wapeza ndi ntchito yake zimakhala za chipanicho. Ngati anali wotero, chipani chinganene kuti zolemba zawo ndi zake. Kuti khoti la boma lidzamvera mpaka pati, zidzadalira mapepala amene malemuwo anasaina.

Pa mawu a m'makalata anu okha simufunika zikalata, chifukwa mwini wake ndinu ndipo muli moyo. Apa m'pamene mwaima polimba. Komabe sindikulonjezani chiletso. Jaji amayang'ana ngati mwachedwa kudandaula, ndipo angafune kuti mulonjeze kulipira zimene wosindikiza angaluze mukadzagonja. Lamulo limateteza mawu anu, osati nkhani imene ili m'mawuwo: wolemba bukuyo akhoza kufotokoza m'mawu akeake kuti m'banjamo munali kusamvana. Akakunamizirani bodza loipitsa mbiri, umenewo ndi mlandu wina, ndipo m'malamulo ochokera ku England umateteza amoyo okha.

Sabata ino lemberani alaibulale, wolembayo, ndi wosindikiza ngati mukumudziwa. Nenani kuti simunavomere kuti mawu anu asindikizidwe, ikani deti, ndipo wolandira asaine pakope yanu. Pemphani kope ya mgwirizano umene achemwali anu anasaina ndi mndandanda wa zomwe zili m'mabokosi, muone ngati mgwirizanowo unapereka mapepala okha kapena umwini wa mawunso. Abale anu ena aliyense adzilembere yekha, inu simungakanire mawu awo. Makalata amene malemuwo anakulemberani sungani, mapepalawo ndi anu, koma musawaike pa Facebook pofuna kubwezera, chifukwa mawuwo ndi a chuma chamasiye. Pangano la Berne, la pakati pa maiko loteteza umwini wa zolemba, limati umwiniwo ukhale zaka zosachepera 50 wolemba atamwalira, ndipo ku Britain ndi maiko a European Union ndi zaka 70.

Funsani kukaundula wa khoti ngati wina anapempha kale zikalata, ndipo ngati palibe, pemphani inuyo kapena pamodzi ndi m'bale amene mumamvana naye. Musanasume, yesani kupempha alaibulale kuti makalata a banja atsekedwe kwa zaka zimene mungagwirizane. Malaibulale ambiri osunga zakale amachita zimenezi, ndipo mgwirizanowo ulembedwe ndi kusainidwa ndi munthu amene ali ndi mphamvu yosainira seminaleyo.