Wotchi yopanda batire: Seiko, Orient kapena Vostok?

Funso: Akonzi, ndatopa ndi kumangosinthitsa mabatire. Ndikufuna wotchi ya pamkono yodzipukusa yokha, koma yosaboola m'thumba. Ena akundiuza za Seiko 5, ena Orient. Amene amazivala amati bwanji? Mphunzitsi, Lizulu, Ntcheu.

Yankho: Aphunzitsi, musanakopeke ndi dzina, funsani makina amene ali mkatimo. Seiko 5 ilipo kuyambira 1963, ndipo amene amaivala amaitama kuti siifa msanga. Dandaulo lawo ndi limodzi. Zakale zija za makina a 7S26 simungazipukuse ndi chala. Zimadalira kachitsulo kamene kamazungulira mukamagwedeza mkono, ndipo mphamvu yake imatha pa maola pafupifupi 40. Mukaivula Lachisanu poweruka, Lolemba m'mawa mudzaipeza itaima. Zatsopano za 4R36 zimalola kupukusa, komanso muvi wa masekondi umaima mukamakonza nthawi.

Orient ya makina a F6922 imachitanso ziwirizi, ndipo kwa munthu wa choko ndi tayi ngati inu, ife tingasankhe imeneyi. Koma Orient Bambino, yokongola ija, musasambe nayo: "30m" yolembedwa kumbuyo ikutanthauza madontho a mvula basi. Vostok Amphibia ya ku Russia ndiye saopa madzi, kungoti ndi yochindikala, galasi lake ndi lapulasitiki losachedwa kukandika, ndipo wodziwa kuikonza kuno ngosowa.

Zonsezi sizisunga nthawi ngati ya batire. Kutsogola kapena kutsalira masekondi 20 patsiku si matenda ayi. Ikayamba kuthamanga ndi mphindi zingapo, kawirikawiri vuto ndi maginito. Mwina mumaigoneka pa sipika ya wailesi, ndiye timizere ta kasipuling'i kopyapyala ka mkati tamatirirana. Musamasinthe deti pakati pa 9 koloko usiku ndi 3 koloko m'bandakucha, chifukwa nthawi imeneyo timano tosintha deti timakhala titalumana, ndiye mungatithyole.

Chenjeraninso ndi "Seiko 5" za mitundu yowala zotchipa modabwitsa. Zambiri ndi zakale zongopentedwanso nkhope. Uzani wogulitsa akuonetseni makina, muone nambala yake. Kenako igwedezeni kangapo, muiike pa tebulo. Ikaima pasanathe mphindi zochepa, kapena mukaona nthunzi pansi pa galasi m'mawa wozizira wa ku Lizulu, isiyeni.