Musanagule RTX 3060, yesani kaye izi

Achimwene, mwati kompyuta yanu ili ndi purosesa ya i5-4570, RAM ya 8GB ndi khadi lojambula zithunzi (graphics card) la GTX 1050 Ti, ndipo gemu ya Cyberpunk 2077 ikumadukizadukiza, ndiye mukufuna kugula khadi lina, la RTX 3060. Ndalamayo isatuluke kaye m'thumba. Ine ndinachita zomwezo pa makina akale, ndipo ndinadandaula: kunja kwa Night City, mzinda wa mu gemuyi, kuchipululu kuja, gemu inkayenda myaa, koma ndikangolowa mumsika modzaza anthu chithunzi chinkaimaima ngati kale.

Chifukwa chake ndi ichi. Khadi ntchito yake ndi kujambula basi. Amene amawerengera kuti munthu uyu apite uku, galimoto iyo ikhote apo, chipolopolo chigwere pati, ndi purosesa. Iye akachedwa, khadi limangokhala manja lende kudikira. Yanuyo ndi ya 2013, ma core 4 ndi ma thread 4 okha. CD Projekt Red, kampani yopanga gemuyi, itatulutsa update 2.0 mu 2023 inati poyambira penipeni pakhale i7-6700 kapena Ryzen 5 1600, RAM ya 12GB, GTX 1060 ya 6GB ndi SSD. Ndiye onani, zitatu zonse zanu zili pansi, osati khadi lokha.

Musangomvera ine, yesani nokha. Ikani pulogalamu ya MSI Afterburner, ionetse fps (kuchuluka kwa zithunzi pa sekondi) ndi GPU usage (mmene khadi latanganidwira) pakona ya sikirini. Imani pamalo amodzi pamene pali anthu ambiri, kenako tsitsani resolution kuchoka pa 1080p kufika pa 720p. Fps ikakwera kwambiri, khadi ndi limene linatopa. Ikangokhala pomwepo, GPU usage ili pansi kutali ndi 99%, wakugwirani mwendo ndi purosesa, ndipo ngakhale DLSS, njira ya makhadi a RTX yokwezera fps, singakupulumutseni, poti imapeputsa katundu wa khadi yekha. Tsitsaninso crowd density, kuchuluka kwa anthu mu gemu, muone ngati kudukiza kukuchepa.

China chimene ambiri amaiwala ndi magetsi. RTX 3060 imakoka 170W ndipo imafuna chingwe cha 8-pin. Nvidia imalangiza power supply ya 550W. Ngati makinawo ndi aja a muofesi monga Dell OptiPlex yaing'ono, chingwecho mulibe, mwinanso khadilo silikwana n'komwe m'bokosimo.

Ndikanakhala ine, ndikanayamba ndi Ryzen 5 5600, ya ma core 6, pa motherboard ya B550, ndi RAM ya DDR4 timitengo tiwiri ta 8GB kuti iyende dual channel, kutanthauza timitengo tiwiri tikugwira ntchito limodzi. DDR3 yanuyo singalowemo. Khadi lidzabwere pambuyo, thumba likapuma.

Komanso kutentha kwa Okutobala kuno musakupeputse. Tsegulani bokosi, chotsani fumbi pa fani, pakani pa purosesa thermal paste yatsopano, phala lothandiza kuchotsa kutentha. Mukayesa za 720p zija, tiuzeni manambala amene mwapeza kuti tione limodzi.