Mwana wawo sanasankhidwe kukhala pulifekiti, ine ndinasankhidwa ndipo ndinaononga

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amawerenga zolemba zangazi. Mwana wawo wamwamuna ali ndi zaka 12, m'kalasi amakhoza bwino, koma aphunzitsi posankha mapulifekiti amudumpha. Mnyamatayo wakhumudwa, ndipo kaonedwe kanga mayi akewo akhumudwa kuposa iye. Funso lawo linali lalifupi: ndimuzoloweze makhalidwe otani kuti akadzakula adzakhale mtsogoleri?

Mayi, kalata yanu ndinaiwerenga kawiri kenako ndinatseka kompyuta. Yatenga masiku asanu ndisanayankhe, osati chifukwa chotanganidwa ayi. Inandikumbutsa kakope kena kamene ndakhala ndikuyesa kukaiwala kwa zaka zoposa makumi atatu.

Ine ndinasankhidwa. Ndili ndi zaka ngati za mwana wanuyo, aphunzitsi anandiimika kutsogolo n'kulengeza kuti kuyambira tsiku limenelo ndine monita wa kalasi. Zifukwa zake zinali zoonekeratu. Ndinali mwana wachete, ndinkakhala desiki yakutsogolo, yunifolomu yanga inali yochapa nthawi zonse, ndipo ndinkalemba mokongola mwakuti aphunzitsi ankatenga kope langa n'kumaonetsa ena. Ntchito yanga yaikulu inali imodzi: aphunzitsi akatuluka, ndizilemba maina a onse ochita phokoso. Anandipatsa kakope kakang'ono, kachikuto kobiriwira, kokwana m'thumba la malaya.

Sabata yoyamba ndinagwira ntchito mwachilungamo. Sabata yachiwiri ndinatulukira kuti kakopeko kali ndi mtengo wake. Wina ankati akaona ndikutulutsa cholembera, amandikankhira labala mwakachetechete, ine n'kubweza cholembera m'thumba. Wina rula, wina pensulo yatsopano. Anzanga apamtima ankatha kuimba nyimbo pamwamba pa desiki koma dzina lawo silinkalowa. Ndiye panali mnyamata wina amene anandiseka tsiku lina ku mpira nditaphonya chigoli. Ameneyo ndinamulemba katatu motsatizana ali chete, akukopera ntchito yake. Anasesa kalasi sabata yathunthu. Ndimakumbukira mmene ankandiyang'anira ali chigwirire tsache, maso dwii, osanena kanthu. Pakutha pa teremu aphunzitsi analemba pa lipoti langa kuti ndine mwana wodalirika amene ali ndi mtima wa utsogoleri. Makolo anga anasunga lipotilo mu envelopu.

M'kalasi momwemo munali mtsikana wina wa desiki yakumbuyo. Zolemba zake zinali ngati nkhuku yapalasa, ankalongolola kwambiri, ndipo dzina lake linkapezeka m'kakope kanga pafupifupi tsiku lililonse, iyeyo moyenerera. Palibe mphunzitsi amene akanalota zomupatsa baji. Koma aphunzitsi akati khalani m'magulu, aliyense ankathamangira kumene kuli iye. Pakabuka mkangano wa yemwe wayamba kutukwana mnzake, ana ankati tiyeni timufunse uja, anaona. Ine monita sankandifunsa.

Nthawi imeneyo zinkandipweteka ndipo sindinkamvetsa. Pano ndikaganiza, zinali tinthu ting'onoting'ono. Akabwereka cholembera ankabweza tsiku lomwelo, asanakumbutsidwe. Akati mawa ndikubweretsera buku lija, mawa lake bukulo limabwera. Sankanamizira munthu. Ndipo tsiku lina, pa nthawi yopuma, ana ankaponyerana mpira m'kalasi, galasi la pawindo n'kuti phwaa. Aphunzitsi analowa nkhope ili gwaa, kalasi yonse zii. Anandiyang'ana ine kuti ndinene wolakwa. Ndikuuzeni zoona, Mayi, dzanja langa linali kale m'thumba, ndipo dzina limene ndinkafuna kutchula linali la mnyamata wa tsache uja. Ndisanatsegule pakamwa, kumbuyo kunamveka desiki ikukhwekhwereza. Mtsikana uja nyamu. "Ndine, aphunzitsi. Ndinaponya mwamphamvu." Analangidwa, makolo ake anaitanidwa, ndipo atabwerera m'kalasi panalibe amene anamuseka.

Kuyambira tsiku limenelo ndinadziwa mwini kalasi weniweni, ngakhale kakope kanakhalabe m'thumba mwanga mpaka chaka chinatha.

Ndiye ndinene mosapsatira. Sukulu zambiri posankha mapulifekiti sizifuna mtsogoleri, zimafuna mwana wosavutitsa. Zimafuna maso ndi makutu a aphunzitsi pamene iwo palibe. Sindikuwanena aphunzitsi, inenso ndinagwirapo choko zaka zingapo ndipo ndinasankha mamonita anga mwa njira yomweyo, chifukwa ukakhala ndi ana ambiri m'chipinda chimodzi umangofuna wina wokuthandiza kuti kukhale bata. Koma kumvera ndi kutsogolera ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo makolo tikazisakaniza timalera ana odziwa kukondweretsa wamkulu amene ali pafupi. Mwana wotere akakula amasekerera bwana, n'kumapondereza amene ali pansi pake. Tawaonapo m'maofesi. Ena mwa iwo malipoti awo a kusukulu anali okongola ngati langa lija.

Khalidwe limene limapanga mtsogoleri, kwa ine, ndi lakuti mawu a mwanayo azikhala ndi kulemera. Anzake akamva iye wanena, azidziwa kuti zichitika. Zina zonsezi, kudzuka m'mawa, kusunga nthawi, kumaliza homuweki, kusamala mabuku, ndi njira zongophunzitsira chinthu chimodzi chomwechi, chifukwa chilichonse mwa izo ndi kalonjezo kamene mwana amapanga kwa iye mwini kapena kwa wina.

Pali kafukufuku wina wotchuka amene anthu olankhula za kulera ana amakonda kumutchula. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, katswiri wa za maganizo Walter Mischel wa ku yunivesite ya Stanford ankaika mwana wamng'ono m'chipinda, switi imodzi patsogolo pake, n'kumuuza kuti akadikira osadya mpaka wamkuluyo abwerenso, alandira ziwiri. Patapita zaka, zinaoneka kuti ana amene anadikira nthawi yaitali ankakhoza bwinoko mayeso. Nkhaniyi inafala dziko lonse, makolo n'kuyamba kuyesa ana awo patebulo. Koma mu 2018 Tyler Watts ndi anzake anabwereza kusanthulako pa ana pafupifupi 900, ndipo atawerengera za banja limene mwana akuchokera, monga maphunziro a makolo ndi kapezedwe kawo, mphamvu ya switi ija inachepa kwambiri.

Amene amandigwira mtima ine ndi kafukufuku wina wamng'ono, wa Celeste Kidd ku yunivesite ya Rochester, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2012. Iye anatenga ana 28. Asanawapatse switi, ankayamba wawalonjeza kuti akukawatengera makrayoni abwino ojambulira. Kwa theka la anawo, wamkuluyo ankabweradi nawo. Kwa theka linalo ankabwera chimanjamanja n'kupepesa kuti palibe. Kenako onse ankayesedwa ndi switi ija. Ana amene lonjezo lawo linasungidwa anadikira pafupifupi mphindi 12. Amene ananamizidwa anadikira mphindi zitatu zokha. Ndipo anali ndi nzeru anawo. Udikiriranji switi yachiwiri kwa munthu amene wakunamiza kumene za makrayoni?

Nditawerenga zimenezi nkhope yanga inagwa, chifukwa inenso ndili ndi mwana wamkazi. Ali ndi zaka 9 anali ndi ntchito ya kusukulu yopanga chithunzi cha dzuwa ndi mapulaneti ake pogwiritsa ntchito makatoni. Anandipempha Lolemba kuti ndimuthandize kudula. Ndinati mawa. Lachiwiri ndinafika kunyumba wotopa, ndinati mawa. Lachinayi usiku ndinamupeza pansi pabalaza, sizasi m'manja, makatoni ali mbwee, Saturn wake mphete yake itapindika ngati khutu. Ndinagwada kuti ndithandize. Sanandiyang'ane n'komwe. Anangoti, "Basi adadi, ndamaliza. Koma musamanene kuti mawa." Mwezi womwewo ndinali nditamukalipira chifukwa cholonjeza kukonza m'chipinda mwake koma osakonza. Timati tsamba likagwa manyazi agwira mtengo, koma sitikonda kufunsa kuti tsambalo linaphunzira kuti kugwa.

Mwina mukuona ngati ndasochera, Mayi. Mwinadi pang'ono. Koma munafunsa zoti mumuzoloweze mwana, ndipo ine ndikuti yambani mwawerenga malonjezo amene inu ndi bambo ake mwamupatsa mwezi uno, muone angati asungidwa.

Kodi tizizolowezi timeneti timafikadi patali?

Timafika. Ku Dunedin, m'dziko la New Zealand, akatswiri akhala akutsatira ana 1,037 amene anabadwa mu 1972 ndi 1973, kuyambira ali makanda mpaka lero. Mu 2011 Terrie Moffitt ndi anzake anaonetsa kuti amene anali odziletsa ali ana, pofika zaka 32 anali ndi thanzi labwinopo, ankasamala bwino ndalama, ndipo ochepa mwa iwo anali atapezeka ndi milandu kukhoti. Izi zinaonekabe ngakhale atawerengera nzeru za mwana ndi kapezedwe ka banja lake. Iwo ankayeza kudziletsa, osati utsogoleri, koma ndiuzeni ngati munaonapo gulu likutsatira kwa nthawi yaitali munthu amene sangathe kudzigwira yekha.

Chimene chimatigwetsa makolo ndi kufulumira. Pali mawu amene amayendayenda pa Facebook akuti chizolowezi chimakhazikika pa masiku 21. Nambala imeneyi inachokera kwa Maxwell Maltz, dokotala wa maopaleshoni okonza nkhope, amene mu 1960 analemba kuti odwala ake ankatenga masiku osachepera 21 kuti azolowere nkhope yawo yatsopano. Za homuweki sananenepo. Pamene Phillippa Lally wa ku University College London anatsatira anthu 96 amene ankayesa kuyamba chizolowezi chatsopano, anapeza kuti ena zinawatengera masiku 18, ena zinkaoneka kuti zifika masiku 254, ndipo pakatikati panali masiku 66. Anapezanso kuti kuphonya tsiku limodzi sikuononga zonse. Amenewo anali akuluakulu odzipereka okha. Ndiye mwana wa zaka 12 akaiwala kulongedza chikwama pa sabata yachitatu, si kuti ndi wosamva. Ali panjira.

Pano ndionjezepo kadandaulo kanga pa anthu olankhula zolimbikitsa ena. Amakonda kunena kuti Nelson Mandela ankayala yekha bedi lake ngakhale atakhala pulezidenti mu 1994, ndiponso kuti m'zaka 27 za ukaidi wake ankachita masewera olimbitsa thupi m'kachipinda kake m'mamawa. Ndi zoona. Koma amazinena ngati bedi ndi limene linamupanga kukhala Mandela. Dziko laona olamulira ankhanza ambiri amene ankadzuka tambala asanalire, nsapato zopolisha, nthawi yosaphonya. Ukhondo ndi kusunga nthawi ndi zida chabe, monga cholembera changa chija chinkalemba mokongola maina abodza. Chimene ine ndimachiona chachikulu pa Mandela ndi chakuti mu 1999, atalamulira zaka zisanu zokha, anatula pansi udindo anthu akumufunabe.

Ndipo tulo. Izi ndiye sindinyengerera. Madokotala a bungwe la American Academy of Sleep Medicine amalangiza kuti mwana wa zaka 6 mpaka 12 azigona maola 9 mpaka 12, ndipo wa zaka 13 mpaka 18 maola 8 mpaka 10. Mwana wosowa tulo sachedwa kupsa mtima, amaiwala, sangadikire mnzake amalize kulankhula. Mukhoza kumulalikira za khalidwe mpaka mawu kusasa, koma ngati foni imagona naye pansi pa pilo mukungotunga madzi ndi dengu.

Tsono yankho lanu, mwachidule. Musankhire limodzi chinthu chimodzi chokha, chaching'ono, chimene anthu ena amadalira, osati chongomukomera iye. Mwina kuthandiza mng'ono wake kuwerenga mphindi khumi madzulo alionse, kapena kukhala wosunga mpira wa timu yawo n'kumaubweretsa pa nthawi yake. Chizichitika pa nthawi yofanana tsiku lililonse, ndipo musaonjezepo china mpaka miyezi iwiri itadutsa. Akaphonya musamuchitire, musiyeni aone nkhope za amene amamudikira. Akabwera yekha kudzaulula cholakwa, chilango chichepe kusiyana ndi pamene mwachita kumugwira, ndipo adziwiretu kuti lamulo la pakhomo panu ndi limenelo. Chobwereka azibweza asanafunsidwe. Foni izigona pabalaza, yanunso.

Za bajiyo, muuzeni kuti kukhumudwa si kulakwa, ndipo ngati akufuna apite yekha kwa aphunzitsi akafunse mwaulemu chimene angakonze. Inu musapiteko. Mnyamata wa tsache uja ndinakumana naye tili akuluakulu, pa ukwati wa mnzathu wina wa kusukulu. Ndinamukokera pambali n'kupepesa. Anaseka kwambiri, nati za kusesazo anaiwala kalekale, koma akukumbukira bwinobwino kuti kakope kaja kanali kobiriwira.