Nyumba ndi yanga, nanga boma likundikakamiziranji tenanti wa Section 8?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wakwathu amene akukhala ku Maryland, m'dziko la America. Agwira ntchito yosamalira okalamba kwa zaka 11, mashifiti a usiku okhaokha, mpaka agula kanyumba kachiwiri ka zipinda zitatu koti azichititsa lendi. Funso lawo ndalifupikitsa chonchi:

"Nditalengeza nyumba ija, anthu atatu mwa asanu amene anaimba foni anafunsa ngati ndimalandira Section 8. Ejenti wanga akuti ndikakana ndalakwira lamulo. Koma mlongo wanga ku South Bend, Indiana, amakana ndithu ndipo palibe amamufunsa. Nyumbayi ndi thukuta langa, ngongole ya kubanki ndikubweza ndekha. Inuyo mukuona kuti n'chilungamo chimenechi?"

Amayi, ejenti wanu sananame, komanso alongo anuwo sakuswa lamulo. Lamulo la dziko lonse la America loletsa tsankho pa nkhani za nyumba, Fair Housing Act la 1968, limaletsa kukana munthu chifukwa cha mtundu wake, khungu, chipembedzo, dziko limene anachokera, kukhala mwamuna kapena mkazi, ulumali kapena kukhala ndi ana. Za kumene ndalama ya lendi ikuchokera silitchula. Mpata umenewo chigawo chilichonse chimatseka chokha ngati chafuna. Massachusetts anayamba kale mu 1971. New York anatsatira mu 2019, California, Virginia ndi Maryland wanuyo mu 2020. Indiana analowera kwina: mu 2015 anakhazikitsa lamulo loletsa mizinda yake kukakamiza malandilodi kulandira mavocha a Section 8, omwe ndi thandizo la boma lolipirira lendi. Texas anachita chimodzimodzi chaka chomwecho, mzinda wa Austin utangoyesa kuteteza anthu a mavocha. N'chifukwa chake inu ndi alongo anu mukusimba zosiyana pamene muli m'dziko limodzi.

Kwa owerenga amene ali kumudzi, ndifotokoze pang'ono. Section 8 inayamba mu 1974. Ndalama zimachokera ku unduna wa zanyumba wotchedwa HUD, koma oyendetsa ndi maofesi a zanyumba a m'mizinda ndi m'makaunti. Banja losauka limalandira vocha n'kukadzifunira lokha nyumba kwa landilodi wamba. Banjalo limalipira pafupifupi 30 peresenti ya ndalama zimene limapeza pamwezi, yotsalayo ofesi imatumiza ku akaunti ya landilodi. Mabanja oposa 2 miliyoni akukhala m'nyumba mwanjira imeneyi. Koma mwa mabanja anayi alionse oyenera thandizo la lendi, ndi limodzi lokha limene limalipeza, moti m'mizinda yambiri anthu amadikira zaka pamndandanda, ndipo kwina mndandandawo ndi wotseka.

Tsono mwafunsa maganizo anga. Ine ndikuti inde, landilodi asaloledwe kukana munthu pa chifukwa chokhacho choti wagwira vocha. Koma dandaulo lanu sindikulitaya kutchire, ndibwererako.

Chimene chinanditembenuza mtima ndinachiona ndi maso. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu, wa ana awiri, amene amathandizira pa basi ya ana asukulu, analandira vocha atadikira zaka zambiri. Tsiku limenelo anavina. Koma vocha imabwera ndi nthawi yake: amakupatsa masiku osachepera 60 kuti upeze nyumba, nthawi zina amawonjezerako, ndipo ukalephera imapita kwa wina. Ndinakhala naye patebulo la kukhitchini Loweruka lina, manambala a foni atawalemba kuseri kwa envelopu ya bilu ya magetsi. Foni aika pa sipika. Mawu a kutsidyako okoma ngati uchi: nyumba ilipo, bwerani mudzaione Lolemba. Akangotchula vocha, kaye zii, kenako "pepani, pali wina wapereka kale dipoziti". Ena osavutika n'kunama komwe, kungodula foni. Pofika madzulo envelopu yonse inali mizeremizere yofufuta. Palibe ndi mmodzi yemwe anafunsa ngati amalipira lendi pa nthawi yake, kapena kupempha nambala ya landilodi wake wakale.

Si iye yekha. Mu 2018 bungwe la Urban Institute linatulutsa kafukufuku amene linachitira HUD, momwe anthu ankaimbira malandilodi ngati ofuna nyumba ndi vocha. Ku Fort Worth, Texas, malandilodi 78 pa 100 alionse anakana. Ku Los Angeles 76, ku Philadelphia 67. Ku Newark, New Jersey, komwe lamulo loteteza linalipo, anakana 31, ndipo ku Washington DC 15 okha. Lamulo silithetsa kukana konse, koma kusiyanako mukukuona nokha.

Nanga munthu akakanidwa paliponse amathera kuti? Amathera kwa landilodi amene nyumba zake palibe wina akuzifuna, kudera kumene sukulu zake n'zofooka ndipo usiku ana amagona akumva mfuti. Pamenepo cholinga chonse cha vocha chafa, chifukwa anaipanga kuti osauka asamawaunjike malo amodzi. Ndipo nkhani ya dera si yaing'ono. Kuyambira 1994 boma linayesa pulogalamu ya Moving to Opportunity, yothandiza mabanja osauka kusamukira kumadera abwinoko, m'mizinda isanu, umodzi mwa iyo ndi Baltimore wa kwanu komweko. Patapita zaka, katswiri wa zachuma Raj Chetty ndi anzake anatsata ana a m'mabanjawo. Anapeza kuti ana amene anasamukira kumadera abwinoko asanakwanitse zaka 13, atakula ankapeza ndalama zochuluka ndi 31 peresenti kuposa anzawo amene sanapatsidwe mwayi umenewo. Nyumba yanu ya zipinda zitatu ija, ngati ili pafupi ndi sukulu yabwino, kwa mwana wina ndi chinthu chachikulu kuposa mmene inu mukuionera pa pepala la kubanki.

Mawu akuti "kukakamiza" nawonso akukuopsezani mopitirira. Lamulo silikunena kuti aliyense wobwera ndi vocha mumupatse makiyi. Muli ndi ufulu wofufuza mbiri yake ya ngongole, kuimbira landilodi wake wakale, kuona ngati anathamangitsidwapo m'nyumba, kulandira dipoziti, ngakhale kumutulutsa kudzera kukhoti akaswa pangano. Lendi mumatchula ndinu, ndipo ofesi ikaona kuti yakwera kuposa nyumba zofanana nayo m'deralo, pangano silichitika. Choletsedwa n'chakuti muyezo umene mukuyezera ena musausinthe pofika pa iye. Chenjeraninso ndi kamsampha kamene malandilodi ambiri amakonda, koti tenanti azipeza ndalama zokwana lendi katatu. Ngati lendi ndi $2,100 koma gawo la tenantiyo ndi $500, kumuuza kuti azipeza $6,300 pamwezi n'kumukana mozembera. Akanakhala kuti amapeza zimenezo, vocha akanaitenga kuti?

Za "anthu a Section 8 amawononga nyumba" ndazimva kambirimbiri pa maphwando athu. Alipo owononga, sindikana. Koma nyumba yowonongeka koopsa imene ndinaionapo ine, makapeti onunkha galu ndi chibowo pakhoma la kubafa, anasiya ndi anyamata awiri a ntchito zabwino za makompyuta. Zoti nsomba ikawola imodzi zonse zawola ndi za m'dengu la usipa. Ifenso amene timatchula mawu a Chingerezi mwa kwathu tikudziwa mmene zimawawira foni ikadulidwa usanamalize chiganizo.

Ndibwerere ku dandaulo lanu, chifukwa pali pamene malandilodi akunena zoona, ndipo olimbikitsa lamuloli amakonda kupalumpha. Vocha si ndalama chabe ngati malipiro a kuntchito. Imabwera ndi ofesi kumbuyo kwake. Mumasaina pangano ndi ofesiyo, ndipo tenanti asanalowe, inisipekita amabwera kudzayendera nyumba. Mnzanga wina wa nyumba imodzi ngati inuyo anandisimbira zake. Inisipekita anafika ndi kakompyuta ka m'manja, anadina alamu ya utsi ya m'chipinda chapansi, osalira. Anakankha windo la kuchipinda cha ana, loko wake osagwira. Basi nyumba yalephera. Zokonzazo zinatha tsiku limodzi, koma kuti inisipekita abwerenso panatenga masabata atatu, ndipo ndalama yoyamba ya ofesi inalowa patatha miyezi iwiri. Inabwera yonse, inde, koma banki siimva zoti fayilo ili patebulo la wina. Kampani ya nyumba 500 kuchedwa koteroko sikuimva kuwawa. Mayi wa mashifiti a usiku kumamusowetsa tulo. Palinso ena amene akuti kuyendera kumeneku n'kulowerera katundu wa munthu: mu 2023 woweruza wina ku New York anagwirizana ndi landilodi wa ku Ithaca amene anadandaula motero.

Apa ndi pamene ndimaima: boma likalamula landilodi kuti atsegule chitseko, nalonso lisenze mtolo wake. Zigawo zina zinazindikira zimenezi. Ku Oregon ndi ku Washington kuli thumba la boma limene limabwezera landilodi ndalama ngati tenanti wa vocha wawononga nyumba. Virginia anachita mwina: landilodi wa nyumba zosapitirira zinayi lamulo silimukhudza, ndipo ofesi ikapanda kuvomereza pangano m'masiku 15, landilodi ali ndi ufulu wopatsa wina. Za masiku 15 ndimazikonda, chifukwa zimaika moto kumapazi a ofesi, kumene kuli vuto lenileni. Zopatula malandilodi ang'onoang'ono ndimazikayikira, chifukwa nyumba za mabanja m'madera a sukulu zabwino nthawi zambiri eni ake ndi anthu ngati inu.

Pali ubwino wina umene alongo anu mwina sanauganizire. Nthawi ya Covid mu 2020, anthu atachotsedwa ntchito ndipo makhoti ataimitsa zotulutsa anthu m'nyumba, malandilodi ambiri anakhala miyezi osaona lendi. A matenanti a vocha gawo la boma linkalowabe mwezi ndi mwezi, ndipo tenanti ntchito ikamuthera, ofesi imawerengeranso n'kukweza gawo lake.

Ndiye anthu atatu aja aimbireninso, amayi. Apatseni fomu yomweyo imene mwapatsa awiri enawo, ndipo zonse muzilemba, kuti mukadzasankha wina mudzathe kuonetsa chifukwa chake. Pa chilengezo musalembe "No Section 8", ngakhale pa Facebook kapena m'gulu la WhatsApp la Amalawi, chifukwa mawu amenewo okha akhoza kukufikitsani ku Maryland Commission on Civil Rights, bungwe la boma loona za madandaulo a tsankho. Imbirani ofesi ya zanyumba ya m'kaunti yanu, muwafunse kuti amalipira mpaka zingati pa nyumba ya zipinda zitatu m'dera lanulo, inisipekita amatenga masiku angati kuti abwere, ndiponso ngati ali ndi munthu woona za malandilodi, mutenge nambala yake yachindunji. Sungani pambali ndalama yobwezera ngongole ya miyezi iwiri. Ndipo inisipekita asanafike, yendani nokha chipinda ndi chipinda: mabatire a alamu ya utsi, maloko a mawindo, penti yosupuka, mpopi wodontha pansi pa sinki.